Chikwanje cha Manzere

Manzere anali munthu wa mawu ochepa, koma ukamukhazika pa kiyibodi zala zake zinkalankhula kuposa mlaliki. Dzinali analitola ali kusukulu, chifukwa chilichonse ankachita ndi dzanja lamanzere: kulemba, kudya, ngakhale kulandira chinthu kwa akulu, mpaka aphunzitsi anatopa n'kumukwapula zala. Atakula anakhala wolemba mapulogalamu a kompyuta. Ntchito yake yonse ankaigwirira mu teminolo, kazenera kakuda kaja kopanda chithunzi chilichonse, momwe munthu amalemba lamulo ndi mawu, n'kudina batani, kompyuta n'kuchita pompo osawiringula.

Mateminolo amene analipo ankamutopetsa. Munthu woyang'anira maseva, makompyuta akuluakulu aja osazimitsidwa omwe amasenza ntchito za makampani, ankayenera kulowa mu seva iliyonse payokha n'kumalemba lamulo lomwelomwelo ngati mwana wopatsidwa chibalo. Ndiye Manzere analemba teminolo yakeyake. Inali yopepuka, yosawawitsa maso, yokumbukira malamulo akale. Koma chimene anthu ankaikondera kwambiri chinali chimodzi: inkamanga maseva onse mtolo umodzi. Ukalemba lamulo kamodzi, linkafika konse nthawi yomweyo.

Amene anaipatsa dzina anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, munthu amene aliyense ankangomuti Ndevu. Ndevu sankatha kulemba ngakhale mzere umodzi wa pulogalamu, koma pakamwa anali ndi mafuta. Akanatha kukugulitsa nsapato zako zomwe wavala, iwe n'kuthokoza. Awiriwa anachita lendi zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya matayala, Manzere kulemba, Ndevu kutsatsa.

"Alamu, ichi ndi Chikwanje," anatero Ndevu tsiku limene anaiona koyamba ikugwira ntchito. "Kungokweza mkono kamodzi, tchire lonse lagona."

Dzinalo linakanirira.

Poyamba Chikwanje chinali ndi khalidwe limodzi limene Ndevu ankadana nalo. Lamulo likamapita ku maseva onse, chinkaima kaye n'kufunsa kuti, "Lamuloli lipita konse. Mwatsimikiza?" Ndevu ankati funsolo likumuchititsa manyazi pamaso pa makasitomala.

"Ine ndikuwauza kuti chinthuchi n'chachangu ngati mphezi, icho chikuima n'kumaodira ngati mkamwini pakhomo pa apongozi. Chotsani, alamu. Awa ndi akatswiri, si ana a mkaka."

Manzere sanalimbane naye kwenikweni. Iyenso sankakonda kufunsidwa mafunso ndi makina. Anachotsa funsolo, n'kungosiya kamzere kofiira m'munsi mwa zenera kosonyeza kuti maseva ali pamtolo. Wogwira chikwanje amadziwa pomwe pali mwendo wake, anaganiza choncho, n'kupitiriza zina.

Tsiku lotulutsa Chikwanje chatsopano linafika. M'mawa anachiika pa intaneti kuti aliyense wofuna achitenge, ndipo masana ankayembekeza alendo odzaona chionetsero. Ndevu anavala jekete yake ya paukwati, anabwereka mipando ya pulasitiki, n'kupachika chinsalu chachikulu pakhoma. Pachinsalupo anajambulapo chikwanje chonyezimira, m'munsi mwake mawu akuti, "Kamodzi n'kamodzi, zonse pansi." Patebulo panali mabotolo a madzi, mabisiketi, ndi keke youmbidwa ngati chikwanje, chigwiriro chake cha chokoleti.

"Lero mumwetulireko, alamu," anatero Ndevu. "Anthu asamaganize kuti ndabwereka mlonda wa kumanda."

Manzere anaseka pang'ono. Anali atagwada pansi, akulimbana ndi nthambo za pulojekita imene inkakana kuyaka. Mumtima anali wokondwa kuposa mmene nkhope yake inkaonetsera. Foni anali ataisiya m'dirowa, ndipo sanamve kuti ikunjenjemera mosalekeza.

Chimene anamva ndi galimoto ikuima mwaukali pansi pa zenera, matayala kulira, zitseko kumenyetsedwa. Kenako majombo pamasitepe. Majombo ambiri, othamanga.

"Alendo afulumira bwanji," anatero Ndevu, akukonza tayi.

Palibe anagogoda. Chitseko chinamenyedwa ndi jombo mpaka loko kudumpha n'kukagwera pakati pa chipinda. Analowa amuna ovala yunifolomu ya kampani ya alonda, zibonga m'manja. Pakati pawo ankaguza munthu wina ndi kolala ngati thumba. Manzere anatenga kanthawi kuti amuzindikire, chifukwa nkhope imeneyo anali asanaionepo yopanda magalasi. Anali Magalasi, mnzake wa kusukulu, amene ankayang'anira makompyuta a kampani ya alondayo. Mlomo wake unali wong'ambika, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa, shati yopanda mabatani.

Wotsogolera anali bambo wamkulu thupi, waimvi, amene anzakewo ankamutchula kuti Kapitawo. Anamugwedeza Magalasi.

"Ndi uti?"

Magalasi anatukula chala, koma sanayang'ane kumene ankaloza.

"Aise, ndakuimbira," anatero, mawu akutuluka pamodzi ndi magazi. "Ndakuimbira, sumayankha. Ndinaika chatsopanochi m'mawa. Ndimafuna kufufuta seva yoyeserera yokha, imodzi yokha. Zenera linali pamtolo, ine osaona. Sichinandifunse, aise. Kale chinkafunsa."

Manzere anasiya nthambo zija. Ntchito ya maseva amenewo ankaidziwa. Mlonda aliyense wa kampaniyo ankavala kabatani ka ngozi palamba. Akadina, uthenga unkapita ku maseva, maseva n'kuliza belu kuofesi yaikulu, galimoto ya thandizo n'kunyamuka.

"Afufutika angati?" anafunsa.

"Onse."

"Ife sitinadziwe," anatero Kapitawo. Mawu ake anali otsika, ndipo kutsikako n'kumene kunkaopsa. "Masikirini athu anangouma, kumaonetsa kuti kulikonse kuli mtendere. Ife kumamwa tiyi. Pomwe kunyumba yosungira katundu akuba alowa dzuwa likuswa mtengo. Mlonda wathu anali yekha. Palibe anapita."

Kumbuyo kwa Kapitawo kunali mlonda wina woonda, wamtali kuposa onse, moti dzina lake pantchito linali Wamtali. Anali asanalankhulepo. Yunifolomu yake kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo inali yakuda ndi magazi ouma, ndipo magaziwo sanali ake. Mlonda uja, amene akuba anamuvulaza, anali mkulu wake wa bere limodzi, ndipo ndi Wamtaliyo amene anamunyamula kupita naye kuchipatala. Sankayang'ana munthu aliyense. Maso ake anali pachinsalu cha pakhoma. Anawerenga mawu aja pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, kenako anayang'ana keke.

"Chikwanje," anatero. "Achimwene anga awatema ndi zikwanje m'mutu, m'mikono, kumsana. Inu kuno mukudya keke ya chikwanje."

Ndevu anapita patsogolo, manja ali m'mwamba, atavala nkhope yake ija yotsatsira malonda. Moyo wake wonse pakamwa pake panali pasanamugwetsepo.

"Mabwana, pepani kwambiri ndi zimene zachitikazi. Tiyeni tikhale pansi ngati anthu. Kungoti mudziwe kuti aliyense akamaika pulogalamu yathu amavomereza mfundo zake, ndipo mfundozo zimanena momveka bwino kuti ife tilibe mlandu pa..."

Sanamalize. Chibonga cha Wamtali chinamupeza pakamwa penipeni. Phokoso lake linali ngati munthu waponda mbale yadothi. Ndevu anagwa chagada pamipando, mipando n'kubalalika, ndipo atatembenuka analavula mano pamodzi ndi magazi. Alonda awiri anamulumphira. Wina anamuponda m'nthiti, wina kumukwapula m'miyendo, jekete ya paukwati ikung'ambika kumsana. Mabotolo anagubuduka, keke inagwa pansi, majombo n'kumaiponda n'kumaterereka nayo.

Manzere anaimirira kuti akaleretse. Sanapite patali. Ndevu, atadzipinda pansi pa tebulo, anatulutsa mkono n'kumuloza.

"Si ine!" anakuwa, mawu akutuluka movutikira m'kamwa mophwanyikamo. "Ine sindidziwa kulemba. Wolemba ndi uyo. Anachotsa funsolo ndi uyo."

Chipinda chonse chinatembenukira kwa Manzere. Iye anayang'ana mlamu wake, munthu amene ankadya naye mbale imodzi, amene ananyamula mwana wake woyamba pochokera kuchipatala. Anafuna kunena kuti, koma alamu, munandiuza ndinu. Mawuwo anafika pakhosi n'kubwerera. Zala zimene zinachotsa funsolo zinali zake ndithu.

Chibonga chinamupeza paphewa, china pakhutu. Dziko linapendekeka, m'mutu n'kumalira ngati waya wa magetsi. Anagwa, anamudzutsa ndi kolala, wina anamubaya m'mimba ndi bondo mpaka mpweya kumuthawa. Anamva Magalasi akuchonderera kuti, "Musiyeni, wolakwa ndine," kenako anamva mbama, Magalasi n'kukhala chete.

Wamtali anamugwira pakhosi n'kumukokera ku desiki.

"Umalemba ndi dzanja liti?"

Manzere anafuna kubisa. Koma thupi lili ndi nzeru zake zopusa. Dzanja lamanzere linathawa lokha kukabisala kumsana, ndipo Wamtali anaona.

Anthu awiri anamupanikiza pa desiki, tsaya lake pa kiyibodi. Wina anatambasula mkono wamanzerewo n'kuupondereza pathabwa. Manzere anaona dzanja lake lili apo, pafupi ndi maso ake, mphete ya ukwati ikuwala. Anayesa kufumbata. Anamutambasula zala chimodzichimodzi.

"Chonde, bambo," anatero. "Chonde."

Chibonga chinatsika. Ululu sunabwere nthawi yomweyo. Choyamba anamva kulira kwa mafupa, ngati nkhuni zouma zothyoledwa pabondo. Chinatsikanso pomwepo, ndipo apa m'pamene anakuwa, kukuwa kumene iye mwini sanakuzindikire kuti n'kwake. Chinatsikanso, koma chinaphonya n'kuswa kona ya desiki. Atamusiya anatsetsereka mpaka pansi, atakumbatira dzanjalo pachifuwa. Zala ziwiri zinkaloza kumene zala siziloza. Anasanza pa nsapato zake.

Wamtali anakwezanso chibonga, ulendo uno akuyang'ana mutu. Pomwepo wailesi ya palamba pa Kapitawo inakhosomola. Anali mayi wa kuofesi yaikulu, woyang'anira masikirini.

"Akapitawo, muli kuti? Kuno zinthu zikadali zakufa. Anyamata onse ali m'malo awo ndi mabatani osagwira ntchito. Wa kusukulu ya ana waimba foni, akuti pali galimoto yachilendo ikuzungulirazungulira pageti. Mbiri yawanda kale kuti tachita khungu."

Kapitawo anagwira chibonga cha Wamtali m'mwamba momwemo.

"Basi."

"Akapitawo, ndisiyeni."

"Ndati basi. Ukamupha uyu, atitsegule maso ndani? Iwe?"

Anatembenukira kwa Magalasi, amene anali atakhala tsonga pakona.

"Ungabwezeretse zimene wafufutazo?"

"Kope la zonse lilipo, timasunga kwina," anayankha Magalasi. "Koma kuti ndibwezere seva imodzi imodzi, dzuwa lilowa ndisanafike pakati. Komanso sindikuona. Magalasi anga munawaponda."

"Pamtolo," anatero Manzere ali pansi pomwepo. Sanadziwe kuti walankhula mokweza mpaka onse atamuyang'ana. "Onse pamodzi. Ndikhoza. Ndidzutseni."

Anamukhazika pampando. Kapitawo anawerama pansi pa tebulo, anasolola tayi m'khosi mwa Ndevu popanda kupempha, n'kumangira mkono wothyokawo pachifuwa cha Manzere. Laputopu inali itapulumuka chifukwa inagwera pamulu wa makatoni. Manzere anaitsegula. Kazenera kakuda kaja kanaonekera, kachizindikiro kake kakuphethira kudikira lamulo ngati palibe chimene chachitika.

Polemba ankagwiritsa ntchito manja onse, koma lotsogolera linali lamanzere. Lamanja palokha linali ngati mlendo wosadziwa njira. Linkasakasaka zilembo ndi chala chimodzi. Magazi a pakhutu ankadonthera pa kiyibodi, chala n'kumaterera. Wamtali anaima kumbuyo kwake, pafupi kwambiri moti Manzere ankamva fungo la yunifolomu ija ndi mpweya wake wotentha pankhongo.

Magalasi anamutchulira mayina a maseva ndi mawu achinsinsi olowera. Manzere anawamanga pamtolo. Kamzere kofiira kanayaka m'munsi, kochepa ngati ulusi. Anakayang'ana ngati akukaona koyamba. Munthu wotanganidwa, wokhala ndi mazenera ambiri otsegula, akanakaona bwanji? Analemba lamulo loyamba, chala chake n'kuima pamwamba pa batani lotumizira. Chilembo chimodzi cholakwika chikanatha kuwononga ngakhale kope lija, ndipo panalibe chomuletsa.

"Bwera uwerenge," anauza Magalasi. "Mokweza. Chilembo chilichonse."

Magalasi anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini, n'kuwerenga ndi diso lake limodzi lotsalalo. Pakatikati anaima.

"Apa wasemphanitsa. Ukutenga kopanda kanthu n'kukathira pa kope."

Manzere anayang'ana n'kuona kuti n'zoona. Anakonza. Magalasi anawerenganso kuyambira poyamba.

"Tumiza."

Anatero mzere ndi mzere, wina kulemba, wina kuwerenga. Nthawi zina chipinda chinkamudera Manzere, mutu n'kugwera pachifuwa, Kapitawo n'kumuthira kumaso madzi aja anagulira alendo. Dzanja lomangidwalo linkagunda ngati lili ndi mtima wakewake. Pansi pa tebulo Ndevu ankabuula, popanda womuyang'ana. Kenako zilembo zinayamba kuthamanga zokha pasikirini, seva iliyonse ikudzuka n'kuyankha kuti ili moyo.

Kapitawo anatenga wailesi.

"Uzani wa kusukulu uja adine."

Anadikira. Panja wina ankapopa tayala ngati tsiku lina lililonse. Wailesi inakhosomola.

"Belu lalira, akapitawo. Lalira. Galimoto yanyamuka."

Mlonda wina anakhala pansi pomwepo n'kugwira kumutu. Koma sikirini sinasiye. Mizere ina, yofiira, inayamba kutsika, yofanana yokhayokha, umodzi pansi pa unzake, mpaka zenera kudzaza n'kumapitirirabe.

"Izi ndi chiyani?" anafunsa Wamtali.

Manzere anamvetsa asanamalize kuwerenga mzere woyamba, ndipo analakalaka akanapanda kumvetsa. Timabatani tija tikalephera kutumiza uthenga tinkausunga, n'kudzautumiza njira ikatseguka.

"Ndi mauthenga amene sanafike," anatero. "Akufika tsopano."

"Ochokera kuti?"

"Kunyumba yosungira katundu."

"Onsewa?"

"Onsewa. Mzere uliwonse ndiye kuti anadina."

Wamtali anawerama n'kumayang'ana mizereyo ikutsika. Sanaphethire. Chibonga chinangolendewera m'dzanja lake. Ali chiweramire choncho, foni inalira m'thumba mwake. Anaitulutsa, anaona dzina, n'kuiika kukhutu. M'chipindamo munali zii, moti aliyense anamva mawu a mzimayi akulira mbali inayo. Mkulu wake uja anali atamwalira. Anaika foniyo pa desiki mosamala, ngati dzira.

Kenako anabangula. Chibonga chinatera pa laputopu, sikirini n'kuthetheka, zidutswa kumwazikira kumaso kwa Manzere. Chinakweranso, ndipo ulendo uno chinkabwera paliwombo pake. Manzere analibe mphamvu ngakhale yolewera. Kapitawo anaponya mkono wake pakati, chibongacho n'kutera pamkonopo ndi phokoso limene Manzere tsopano ankalidziwa. Kapitawoyo sanabwerere m'mbuyo. Anamukumbatira Wamtali ndi mkono wotsalawo, onse awiri n'kukagunda khoma, chinsalu chija n'kuzuka ndi misomali yake n'kuwagwera. Wamtali anamenya ndi mutu, analuma, anapalasa ndi majombo mpaka kuswa galasi la kabati. Anzake anamugwira miyendo, iye n'kuponda mmodzi pamphuno. Analimbana mpaka mphamvu zinamuthera, kubangula kuja n'kusanduka kulira kwa mwana, akuitana achimwene ake.

"Lira, mwana wanga," ankatero Kapitawo, nkhope itatuwa ndi ululu. "Lira."

Mmenemo n'kuti alendo oyamba atafika. Anaima pakhomo lothyokalo, amayi awiri ndi bambo wina wa chikwama cha laputopu, onse ovala bwino, akuyang'ana keke yopondedwa, mano pansi, magazi pakhoma. Kumbuyo kwawo kunatulukira apolisi, amene anaitanidwa ndi mwini shopu ya matayala. Wapolisi wamkulu anamvetsera nkhani yonse ali chilili, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ndiye chikwanjecho chili kuti?" anafunsa. "Tipite nacho ngati umboni."

Palibe amene anali ndi mphamvu yomufotokozera.

Kuchipatala anawagoneka wodi imodzi, Manzere bedi ili, Ndevu bedi lotsatira, nsagwada zake zitamangidwa ndi mawaya. Mkazi wa Manzere anafika akuthamanga, m'manja muli mbuu ndi choko, popeza anali mphunzitsi ndipo uthenga unamupeza m'kalasi. Anaima pakati pa mabedi awiriwo osadziwa poyambira, mwamuna wake uku, mchimwene wake uku. Anaika mpando pakatikati. Chinthu choyamba chimene Manzere anamupempha chinali choti atenge foni, ndipo anamuuza podina, pena ndi pena, mpaka Chikwanje chinachotsedwa pa intaneti.

Mayiyo atatuluka kukatenga mankhwala, Ndevu anatembenuza mutu pa pilo. Mawu ankatulukira m'mipata ya mawaya.

"Alamu. Ndinaona imfa."

"Ndikudziwa," anatero Manzere, akuyang'ana kudenga.

"Musamuuze mlongo wanga kuti ndinakulozani."

Manzere sanamuuze. Anamuuza ndi Magalasi, tsiku lotsatira, pakhonde la wodi. Mayiyo anabwerera m'wodi. Anamwetsa mchimwene wake madzi ndi kapaipi, anamupukuta ndevu, kenako ananyamula mpando uja n'kukauika mbali ina ya bedi la mwamuna wake, kukhoma.

Dokotala anapulumutsa dzanjalo, koma mphete anachita kuidula, ndipo zala ziwiri zija zinauma mopindika. Ofesi ya pamwamba pa matayala inatsekedwa. Ndevu atatuluka anayamba kugulitsa zida za magetsi a dzuwa, ndipo pamaliro kapena paukwati wa pachibale alamu awiriwa ankapatsana moni wa pakamwa pokha. Magalasi anachotsedwa ntchito. Akuba aja sanagwidwe. Wamtali ndi anzake amene anamenya anthu anatsekeredwa, moti mkulu wake anaikidwa m'manda iye ali m'chitokosi.

Tsiku la mlandu wawo, Manzere anakhala pabenchi panja pa khoti kudikira kuitanidwa ngati mboni, mkazi wake ali pambali. Mayi wina wovala zakuda, mwana kumsana, anabwera n'kuima patsogolo pake. Sanapereke moni.

"Ndinu a kompyuta aja?"

"Ndine, mayi."

"Ine ndine mkazi wa malemu." Anakonza nsalu ya mwanayo paphewa. "Mabwana a kukampani akuti amuna anga anagona pantchito. Akuti ngakhale makina akanakhala amoyo sizikanathandiza, chifukwa sanadine n'komwe. Abale awo ena ayamba kukhulupirira. Alamu anga akuti inu munaona. Ndiuzeni, anadina?"

"Anadina, mayi," anatero Manzere. "Anadina, ndipo sanasiye kudina. Mauthenga awo anadzaza sikirini yonse n'kupitirira. Munthu wogona sadina choncho. Batani lawo linali labwinobwino, iwonso anali maso. Kumene kunafa n'kwa ife."

Mkazi wa Manzere anamutsina pang'ono pantchafu, chifukwa loya anali atawachenjeza kuti mawu otere akhoza kudzamubwerera. Manzere anamva kutsinako.

"Munganene zimenezi pamaso pa mabwanawo?" anafunsa mayiyo.

"Kulikonse kumene mungandiitane."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kumaso, kenako padzanja lopindikalo. Sanathokoze, ndipo sanatukwane.

"Ndidzakutumizirani uthenga," anatero, n'kupita kukakhala pabenchi lakutali pambali pa Kapitawo, amene mkono wake unali udakali m'chikhakha.

Chitseko cha khoti chinatseguka, wapolisi n'kutulutsa mutu kuitana mboni yoyamba. Mkazi wa Manzere anaimirira naye limodzi, anamumangira batani la jekete limene iye sankatha kumanga yekha, n'kumukankha pang'ono kumsana. Manzere analowa. M'bokosi la oimbidwa mlandu, Wamtali anali ataonda kuposa kale, mutu atametedwa mpala. Anayang'anizana kanthawi, ndipo woyamba kugwetsa maso anali Manzere.